Mwala Woyera wa Mkamwana

Gilayinda, makina onolera zitsulo, inafika ndi miyala iwiri yakuda, ndipo yonse iwiri ndinaida tsiku lomwelo. Anatumiza ndi mwamuna wanga kuchokera ku Joni, kudzera mwa onyamula katundu aja amene galimoto zawo zimalowa mu Mzimba zitasenza ngati zikusamutsa mudzi. M'katoni ina munali makina osemera, aja amazunguza mtengo iwe n'kumaukhudza ndi tchizulo mpaka usanduke mwendo wa tebulo. M'kabokosi kathabwa munagona matchizulo asanu ndi limodzi, lililonse pamalo pake, pamsana atadinda zilembo zitatu, HSS. Ndinawatulutsa limodzilimodzi, kuwasisita, kuwabwezera. Anthu amene anasonkhana kudzaona katundu ankayembekeza mabulangete ndi wailesi ya kanema, choncho sanachedwe kubalalika.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ukalipentala ndinauphunzira kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo n'komweko ndinakumana ndi mwamuna wangayu, iye akuphunzira zomangamanga. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi. Kwawo anapereka ng'ombe, ine n'kunyamuka kukakhala pamudzi pawo, kufupi ndi Embangweni. Chaka chisanathe anakwera basi ya ku Joni monga amachitira amuna ambiri a kumeneko, n'kundisiya ndi khanda, apongozi anga awiri, ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mwamuna wanga, amene anabwerera pakhomo ukwati utatha. Pamudzipo ankanditcha mkamwana, kutanthauza mkazi wa mwana wawo. Matchizulo aja ndiwo anali ntchito yanga. Popanda iwo ndinali wotunga madzi ndi wodikira foni basi.

Chitsulo cha HSS sichibuntha msanga, ngakhale pa mlombwa wouma gwa. Koma chili ndi zokana zake, ndipo mphunzitsi wathu kusukulu kuja anatilowetsa zimenezi m'mutu mochita kutikalipira. Chimafuna mwala woyera, wofewa, wa mchenga wa nambala 60 kapena 80. Mchenga wa mwala woyera ukabuntha umathothoka, pansi n'kutuluka wina wakuthwa, motero chitsulo chimadyeka chisanatenthe kwambiri. Mwala wakuda wobwera ndi gilayinda ndi wouma mtima. Mchenga wake ukabuntha umakakamira pomwepo, mwala n'kusalala, n'kumangopekesa chitsulo mpaka chipse. Ndiye munthu akaona chitsulo chapsa amathamangira nacho m'chitini cha madzi. Khasu limalola zimenezo, nkhwangwa imalolanso. HSS ukaiviika ili yotentha imachita timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo kukamwa kwake kumayamba kuyoyoka ukangoigwiritsa ntchito.

Ndinabereka mwana, kukwera minibasi, ulendo wa ku boma kukafuna mwala woyera. M'sitolo yoyamba ya zomangira ndinapeza bambo atakhala pamatumba a simenti, maso ali pafoni. Ndinafotokoza zonse, kukula kwa mwala, kukula kwa bowo lapakati, nambala ya mchenga.

"Mwala ni mwala, amama," anatero osadzutsa mutu. "Wakutumani ni njani? Muimbireni afotokoze yekha."

Ndinamuuza kuti ndadzituma ndekha. Apo m'pamene anandiyang'ana, kuyambira kumpango mpaka kupatapata, n'kuseka.

M'sitolo yachiwiri anandipatsa mwala wobiriwira, akuti ndiwo wapamwamba chifukwa ndi wodula. Wobiriwira ndi wa chitsulo china, chija amaika kunsonga kwa zoboolera khoma. M'sitolo yachitatu, mwamwayi, wogulitsa anagwada n'kusolola mwala woyera pansi pa kauntala, uli fumbi lokhalokha. Ndinaupachika pachala kudzera pabowo, n'kuugogoda ndi chigwiriro cha sikuludilaiva monga anatiphunzitsira. Mwala wabwino umalira ngee, ngati kabelu. Uwu unangoti phu. Ndinautembenuza, kugogodanso, phu.

"Mukuombeza, amama?" anafunsa wogulitsa uja.

"Ndi wong'aluka m'kati. Ukazungulira pamakina uphulika, uvulaza munthu."

"Mng'alu wake uli nkhu? Ine sindikuuona."

Anaupukuta ndi malaya ake n'kuuika pashelefu, poonekera bwino, kudikira wina wosagogoda. Ndinatuluka m'menemo, ndipo chipisi chimene ndinagula pa depoti ndinangochipatsa mayi amene ndinakhala naye pampando.

Ndinadikira miyezi itatu kuti mwala woyera ubwere kuchokera ku Joni. Unafika atauzenga m'juzi ya mwana. Ndinaugogoda, unalira bwino. Ndinauika mbali ya kumanja ndi timapepala take tozungulira tija timautchinga kuti chitsulo chomangira chisauphwanye, kumanzere n'kusiya wakuda. Masabata otsatirawo ndi amene ndimawakumbukira ndikafuna kudziwa kuti ndinalipo ndi luso. Tchizulo unkangolikhudzitsa pang'ono, mbaliwali zochepa zofiirira, basi latha. Paini wa ku Luwawa ankatuluka mapalo aatali opotana, mwendo n'kusalala osafuna sandipepa. Aphunzitsi ndi anamwino ochokera kwina anayamba kubwera kudzaitanitsa timatebulo ta pabalaza, ndipo ndinkacheza nawo Chichewa cha kwathu mpaka kuiwala kuti ndili kwa eni.

Apongozi anga aamuna sanali munthu woipa, ndinene zimenezi poyera. Shedi imene ndinkagwiriramo ntchito inali yawo, yosungiramo fodya, ndipo waya wamagetsi anakoka okha kuchokera kunyumba yaikulu. Ali mnyamata anagwira ntchito yodula mitengo ku Luwawa, ndipo kuyambira pamenepo ndiwo anali onola a banja lonse. Chikwanje, nkhwangwa, mpeni wophera ng'ombe pamaliro, zonse zinkapita kwa iwo. Ankanola ndi tupa ndi mwala wa kumtsinje. Gilayinda itafika, maso awo sanachokepo.

Pamudzi pathupo mkamwana sayandikana ndi apongozi aamuna. Mukakumana panjira umapatuka n'kugwada. Suwaitana, suwafunsa, ndipo kuwakonza ndiye sikuganiziridwa n'komwe. Ukakhala ndi mawu umauza akazi anzako, mawuwo n'kuyenda mpaka afike. Poyamba ndinkaona ngati ndi ulemu wokongola, mpaka ndinkanyadira pouza anzanga a kwathu.

Mu Okutobala, anthu akukonzekera mvula, adada, monga tonse tinkawatchulira, anabwera kushedi ndi makasu anayi paphewa. Anatsokomola ali patali kuti ndidziwe. Ndinazimitsa makina, kutuluka, kukakhala kukhitchini, pakuti sitikanakhala awiri m'kashedi kopanikiza. Kukhitchini komweko ndinkamva mwala umene akugwiritsa ntchito. Wakuda umalira mokalipa. Woyera umangoti fwaa. Anayamba ndi wakuda, kenako ndinamva fwaa, ndipo sanabwererenso kumanzere.

Atachoka ndinapeza mwala wanga uli ndi ngalande pakati, ngati msewu wa ngolo nthawi ya dzinja. Ndinauwongola ndi chida chake chowongolera, fumbi loyera likugwa pansi, mtima ukuwawa. M'mawa mwake anabwera ndi makasu a achimwene awo. Tsiku linalo anabwera ndi anzawo a kumpingo, aliyense ndi nkhwangwa yake. Wina anabweretsa chigwiriro cha poto kuti achisalaze, ndipo chitsulo chofewacho chinamatirira pamwala ngati phala lopserera.

Ndinapita kwa mlamu wanga, ndinamupeza akusenda chinangwa.

"Alamu, chonde, muwauze adada kuti mwala woyera si wa makasu. Makasu azinolera wakuda uja."

"Iii, mulamu! Ine nikawauze choncho adada? Mukufuna andithamangitsenso kuno? Mbwenu ndiwauza amama."

Apongozi aakazi anafikitsa uthengawo masana, pansi pa mtengo wa mango, ine ndikutsuka mbale chapafupi. Ndinaumva ndi makutu angawa.

"Mkamwana wanu akudandaula. Akuti mwala woyera uja ukutha msanga."

"Naona nane," adada anayankha. "Mwala waulesi uja. Mwana wanga anamupusitsa ku Joni. Muuzeni asadandaule."

Ndinali pamtunda woti ndikanaponya sipuni n'kuwagenda. Ndinangopitiriza kutsuka mbale imene inali itayera kale.

Adada anagulitsa atambala awiri, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza kupita ku boma. Anabwerako ndi mwala wakuda bii, wa nambala 36, wamanyamanya ngati msewu wa miyala yoswa. Woyera uja anauchotsa okha ine ndili kuchigayo, ndipo timapepala tija anataya poganiza kuti n'tokulungira. Ndinaufuna mwala wanga masiku awiri, m'shedi, m'nkhokwe, kudzala. Ndinaupeza m'bafa, uli m'matope a sopo pafupi ndi ndowa. Apongozi aakazi ankapalira zidendene.

"Ukupala makora chomene, mkamwana," anandiuza akumwetulira, kutanthauza kuti ukupala bwino kwambiri, n'kundionetsa phazi. "Muyesenso inu, mapazi anuwo ang'ambika."

Ndinautola. Unali utamwa madzi, m'mphepete utabenthuka, ndipo timiyala take tinali titadzaza chikungu cha mapazi. Ndinanyansidwa. Ndinaugogoda ndi fupa la chala, unayankha ngati wa m'sitolo uja. Ndinaubwezera pomwe ndinaupeza, poti nanga ndikanapita nawo kuti.

Mwamuna wanga ndinamuimbira tsiku lomwelo. Anamvetsera, kumbuyo kwake kukumveka phokoso la ntchito, kenako anati, "Iwe, ndi adada amenewo. Ingowasiya. Ndikutumizira wina ndikapeza mpata." Mpata wa ku Joni ndimaudziwa, umatenga nthawi yake.

Ndinabwerera kunola pamanja ndi kamwala kothira mafuta kamene ndinkanolera mwala woyera usanabwere. Ntchito ya kamphindi inkanditengera theka la ola, koma matchizulo anali amoyo. Ndinkakhala pakhomo pa shedi, tchizulo pabondo, kwecha, kwecha. Adada ankadutsa chapatali popita kukhola, n'kuima, kundiyang'ana, kupukusa mutu mwachisoni. Ndinkadziwa zimene akuganiza. Ankaona mkazi woopa makina.

Kumayambiriro kwa Disembala foni inabwera kuti mayi anga adwala kwambiri ku Dedza. Popakira zovala ndinaika kabokosi ka matchizulo pansi pa chikwama. Mlamu wanga analowa, anaona, n'kugwira pakamwa.

"Mulamu, mukupita kukadwazika kapena mukusamuka? Anthu akaona mwanyamula zida zanu ati ukwati watha. Amama alira."

Ndinatulutsa kabokosi. Ndinakatsekera m'kabati ya m'shedi, kiyi n'kumumanga kunsonga kwa chitenje. Mlamu anaonanso.

"Ndiye kiyi mupita naye? Ndiye kuti ife pano ndife mbava?"

Ndinamasula kiyi, kukamupereka kwa apongozi aakazi ndi manja awiri. Potsanzika ndinagwada chapatali ndi pamene panakhala adada. Iwo anayang'ana kumbali, n'kulankhula kwa akazi awo monga mwa mwambo. "Muuzeni ayende makora. Zinthu zake tizisamala." Mawu anali pa lilime penipeni, atatu okha: matchizulo musawanole, ndapota. Ndinayang'ana apongozi aakazi, ndinayang'ana mlamu, ndinayang'ana pansi. Ndinaomba m'manja n'kunyamuka.

Ku Dedza ndinakhala masabata atatu. Mayi anachira. Ndinabwerera chimanga chitafika m'mawondo, n'kutsika minibasi dzuwa likupendeka. Ndisanatule n'komwe chikwama, mlamu anandikoka dzanja, nkhope ili ngwee.

"Bwerani muone zimene adada akuchitirani."

Pakhonde la nyumba yaikulu anali atayala thumba la feteleza, ndipo pathumbapo anandandalika matchizulo anga onse asanu ndi limodzi. Adada anakhala pampando wawo, achimwene awo pambali, ndi anzawo awiri a kumpingo aja. Zikuoneka kuti anamva kuti ndikufika tsiku limenelo.

Ndinawazindikira ndi zigwiriro zokha. Tchizulo lililonse lili ndi kukamwa kwake, lina lopendekera, lina losongoka, lina lozungulira ngati sipuni. Onse anali atawanola mofanana, mbali zonse ziwiri, ngati nkhwangwa. Lozungulira lija, limene ndinkalikonda kuposa onse, analiphwatalitsa. Lililonse linali litafupika ndi mfundo ya chala kapena kuposa. Kunsonga kunali mitundu yosayenera kuoneka pachitsulo chotere, yabuluu, yofiirira, yakuda.

"Masiku awiri athunthu adada ali m'shedi," mlamu ananena mokweza kuti onse amve. "Chitini cha madzi chimachita kulira, tswee, tswee. Madzi ndimatunga ndine."

"Chitsulo chouma ichi," adada anauza achimwene awo, koma mawuwo ankalunjika kwa ine. "Mwana uyu akanakalamba ndi kamwala kake kaja. Sono mbwenu agwire ntchito."

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinkafuna kukuwa, kutola thumba lonselo n'kulitaya m'chimbudzi. Ndinagwada, kuomba m'manja, n'kunena ndi mawu ofewa amene sindinkadziwa kuti ndili nawo, "Yewo chomene, adada." Anzawo aja anayamikira kuti pakhomopa analowola mkazi waulemu. Ndinadzinyansa ngati ndaponda zonyansa za galu ndi phazi losavala.

M'mawa ndinalowa m'shedi, kumanga chidutswa cha paini pamakina, kuyesa. Tchizulo loyamba linangong'amba mtengo m'malo mousema. Nditaliyang'ana pa kuwala, kukamwa kwake kunali kutayoyoka ngati chigumu chouma. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu linathothoka kachidutswa, kanandimenya patsaya. Ndinazimitsa makina n'kukhala pa chitsa.

Nditapuma, ndinawayeza limodzilimodzi ndi chala. Sanafe onse. Timing'alu ta madzi sitilowa kutali. Ndikanapeza mwala woyera wina, ndikanadya kopsako pang'onopang'ono, kubwezera kukamwa kwa lililonse, n'kutsala ndi chitsulo chokwanira zaka zingapo. Lozungulira lija linali litatsala ndi ngalande yaifupi, koma yokwana kulipulumutsa kamodzi. Kamodzi kokha. Chofunika chinali chakuti munthu asawayandikizenso pa mwala wakuda uja.

Ndili m'maganizo amenewa ndinamva kutsokomola pakhomo. Ndinadzuka kuti ndituluke monga mwa masiku onse, koma adada anakweza dzanja kuti ndikhale. Anaima panja, phazi limodzi pachiundo cha khomo, chipewa chili m'manja. Anayang'ana paini wong'ambika uja pamakina. Anayang'ana matchizulo pabenchi, ndi tsaya langa limene linkatuluka kamagazi. Munthu amene wanola zitsulo moyo wake wonse sangalephere kuona kukamwa koyoyoka. Kenako, koyamba chikwatiwireni pamudzi paja, analankhula ndi ine mwini, popanda wodutsiramo.

"Mkamwana, kasi nananga?"

Ankafunsa ngati awononga. Mawu awo anali otsika. Panalibe mlamu, panalibe apongozi aakazi, panalibe wotimva. Mwambo anauphwanya okha, n'kunditsegulira khomo. Ndikanangoti inde adada, chitsulo ichi chimadana ndi madzi, chimafuna mwala woyera uja, ndikukhulupirira kuti akanamva. Mwina akanagulitsa tambala wina. Ndakhala ndikuimba mlandu mwambo, wogulitsa wa ku boma, mlamu, mwamuna wanga ndi mpata wake, koma pa mphindi imeneyo palibe mmodzi wa iwo amene anandigwira pakamwa.

Ndinagwada pa utuchi, n'kuyang'ana mapazi awo.

"Yayi, adada. Mwanola makora. Chitsulo chake n'choipa."

Anapuma mpweya waukulu, mapewa n'kutsika. Anavala chipewa.

"Nanenanga ine. Zinthu za ku Joni zonyenga. Ndiye kuti kunsongaku n'kofewa, chitsulo chabwino chili m'kati." Anatambasula dzanja. "Mbwenu bweretsani, ndiwadyeko chomene mpaka tichipeze."

Ndinawasonkhanitsa onse asanu ndi limodzi, lozungulira lija pamwamba, n'kuwapereka ndi manja awiri. Ndinatuluka kuti alowe. Ndisanafike kukhitchini anandiitana kumbuyo, mokoma mtima, kuti chitini chauma. Ndinatenga ndowa n'kupita kukatunga madzi.